Ntchito ya flashing poteteza nyumba ku madzi a mvula

Chaka ndi chaka, mvula ikayamba m'mwezi wa Novembala kufikira pamene imasiya mu Epulo, maofesi oona za nyumba amalandira madandaulo ochuluka okhudza madenga odontha. Madandaulowa amachokera m'nyumba za aphunzitsi ndi apolisi, m'zipatala zing'onozing'ono, m'makalasi ngakhalenso m'zipinda zosungiramo mafailo a boma.

Anthu ambiri akaona madzi akudontha amafulumira kunena kuti malata atha ndipo pakufunika ena atsopano. Koma kawirikawiri lata silidontha pakati pake. Madzi amalowera pamalire, pamene denga lakumana ndi khoma, chumuni, paipi kapena denga linzake. Malo amenewa ndi amene amatetezedwa ndi chitsulo chimene amisiri amachitcha flashing.

Flashing n'chiyani

Flashing ndi chitsulo chopyapyala chimene amachipinda n'kuchiika pamalo aliwonse pamene denga laduka kapena lagundana ndi chinthu china. Ntchito yake ndi kulandira madzi amene akadalowa pampata n'kuwabweza pamwamba pa malata kuti apitirize ulendo wawo wotsikira pansi.

Lamulo la kaikidwe kake ndi limodzi: chidutswa chapamwamba chiphimbe chapansi, monga momwe mamba a nsomba amasanjikizirana. Anthu ofolera ndi udzu amalidziwa bwino lamuloli, pakuti amayambira m'munsi mwa denga kukwera kunsonga kuti mzere uliwonse wa udzu ugone pamwamba pa unzake. Flashing yoikidwa bwino imagwira ntchito chifukwa cha kusanjikizaku, osati chifukwa cha guluu kapena phula.

Kuchuluka kwa madzi amene denga limasenza

Mvula yokwana milimita imodzi ikagwa pamalo a sikweyamita imodzi imapereka lita imodzi ya madzi. Izi zikutanthauza kuti nyumba ya denga la masikweyamita 100 ikagwedwa ndi mvula ya mamilimita 50, imasenza malita 5,000, omwe ndi zidebe 250 za malita 20.

Mzinda wa Lilongwe umalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 mpaka 900 pachaka, kotero denga la kukula kotereku limadutsitsa malita oposa 80,000 m'dzinja limodzi. M'maboma a mvula yambiri monga Nkhata Bay ndi Mulanje chiwerengerochi chimatha kuwirikiza kawiri. Gawo laling'ono chabe la madzi amenewa likapeza mpata wolowera, limakwanira kuwononga siling'i ndi khoma.

Njira zitatu zimene madzi amalowera

Njira yoyamba ndi yodziwika kwa aliyense: madzi amatsikira kumunsi ndipo amalowa pampata uliwonse umene aupeza panjira. Akale adati madzi saiwala khwawa, ndipo pamene padadontha chaka chatha ndi pomwe padzadonthe chaka chino ngati mpata sudatsekedwe moyenera.

Njira yachiwiri ndi mphepo. Mvula yamkuntho imagwa chopendekera ndipo imakankha madzi kukwera chamtunda, kulowa kunsi kwa chitsulo chimene chili chachifupi kapena chosagwira bwino. M'madera a Thyolo, Mulanje ndi Blantyre mulinso chiperoni, mvula yowaza ya m'nyengo yozizira, imene imanyowetsa makoma kwa masiku angapo osalekeza.

Njira yachitatu ndi yovuta kuiona ndi maso. Zitsulo ziwiri zikagundana kwambiri n'kusiya kampata kopyapyala, madzi amakwera m'kampatako okha, monga momwe palafini amakwerera m'chingwe cha nyali. N'chifukwa chake amisiri odziwa ntchito amapinda m'mphepete mwa flashing kuti pakhale mpata woduliza ulendo wa madziwo.

Pamene denga lakumana ndi khoma

Malo amene amavuta kwambiri m'nyumba za m'dziko muno ndi pamene denga la khonde, la khitchini kapena la chipinda chowonjezera latsamira pakhoma la nyumba yaikulu. Madzi onse otsika pakhomalo amafika pamalire amenewa.

Pamalo otere pamafunika zidutswa ziwiri. Choyamba chimagona pamalata ndipo mbali yake ina imakwera khoma mamilimita osachepera 150. Chachiwiri chimalowetsedwa m'khoma, mumzere wa pakati pa njerwa umene amaugoba mamilimita pafupifupi 25, kenaka chimatsika n'kuphimba choyambacho. Zidutswazi sizikhomeredwa pamodzi, kuti denga likamafutukuka ndi kutentha lisang'ambe chimene chagwira kukhoma.

Ngati khoma likutsata kutsetsereka kwa denga, chidutswa cholowa m'khomacho amachidula ngati masitepe motsatira mizere ya njerwa. Mbali yogona padenga iyenera kudutsa misana iwiri ya malata wamba, kapena msana umodzi wathunthu wa malata a IBR, kuti madzi asabwerere kukhoma. Kumapeto kwake, m'munsi, chitsulocho chimapindidwa kuti chitaye madzi kutali ndi khoma.

Pamsana pa denga ndi m'zigwa

Pamsana pa denga pamaikidwa mariji, amene nawonso ndi mtundu wa flashing. Mariji ayenera kusanjikizana mamilimita osachepera 150, ndipo kukamwa kwa msanjikowo kuyang'ane kumene mphepo ya mvula imalowera, osati kumene imachokera. Pa malata a IBR, mathero a ngalande za lata amene abisika kunsi kwa riji amapindidwira m'mwamba kuti madzi okankhidwa ndi mphepo asagwere m'nyumba.

Chigwa cha denga ndi pamene mbali ziwiri zotsetsereka zimakumana n'kupanga khwawa. Apa pamadutsa madzi ambiri kuposa malo ena onse chifukwa pamasonkhana a mbali zonse ziwiri. Chitsulo cha m'chigwa chiyenera kukhala chotambalala, chopindidwira m'mwamba m'mbali mwake, chogona pamatabwa ochichirikiza, ndipo msomali usaboole pakati pake. Pakati pa malata a mbali ziwirizo pasiyidwe mpata woti dzanja n'kulowa pochotsa masamba.

Nyumba zamakono za madenga a makona ambiri zimakhala ndi zigwa zochuluka. Chigwa chilichonse chowonjezera ndi malo enanso ofuna chisamaliro, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene denga losavuta, la mbali ziwiri kapena zinayi, limakhalira nthawi yaitali osadontha.

Chumuni ndi mapaipi

Nyumba zambiri zakale za boma, makamaka ku Zomba komwe kudali likulu la dziko kufikira m'chaka cha 1975, zili ndi chumuni. Chumuni chimaima panjira ya madzi ngati mwala mumtsinje, kotero chimafuna flashing mbali zonse zinayi: kutsogolo, m'mbali ziwiri ndi kumbuyo.

Kumbuyo ndiye kovuta, chifukwa madzi ndi zinyalala zimaima pamenepo. Chumuni chikakhala chotambalala, amisiri amamanga kadenga kakang'ono kumbuyo kwake kogawa madzi kuti adutse mbali ziwiri. M'dziko la America, malamulo omangira nyumba otchedwa International Residential Code amalamula kadenga kotereka pachumuni chilichonse chotambalala kuposa mamilimita 762.

Mapaipi otulutsa mpweya wa m'chimbudzi, mapaipi a magiza otenthetsa madzi ndi dzuwa, miyendo ya masola ndi ya madishi a kanema, zonsezi zimaboola denga. Pa paipi pamavekedwa kolala ya labala imene imagwira paipiyo mothina, tsinde lake n'kumatidwa ndi kukhomeredwa palata. Nthawi zambiri zipangizozi zimaikidwa nyumba itatha kale, ndi anthu amene ntchito yawo si ya denga, ndipo bowo limangopakidwa phula. Ofesi imene yalola kuti padenga paikidwe chipangizo chatsopano iyenera kuonetsetsanso momwe mabowo atsekedwera.

Madenga obisika

M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu mwachuluka nyumba za madenga obisika, zimene makoma ake amakwera kupitirira malata. Pamamangidwe otere madzi sagwera kunja mwachindunji, koma amayenda m'ngalande ya chitsulo kapena ya konkire imene ili mkati mwa khoma asadatulukire m'mapaipi.

Denga lotere limadalira flashing kotheratu. Pamwamba pa khoma pamafunika chivundikiro chopendekera mkati, chokhala ndi milomo yotsikira mbali zonse ziwiri, chifukwa njerwa ndi pulasitala zimamwa madzi. Mkati mwa khomalo, kuzungulira denga lonse, pamafunika zidutswa ziwiri monga zafotokozedwa kale. Ngalandeyo iyenera kukhala yotsetsereka ndiponso yokhala ndi potulukira madzi pachiwiri, pamwamba pang'ono pa poyamba, kuti paipi ikatsekeka ndi masamba madzi asefukire kunja osati m'siling'i.

Vuto lina ndi lakuti pofuna kuti khoma lobisa denga lisatalike, omanga amagoneka malata mopitirira muyeso. Opanga malata amanena mlingo wotsikitsitsa wa kupendekera kwa mtundu uliwonse, ndipo malata wamba amafuna denga lotsetsereka kwambiri kuposa a IBR. Denga likagona kwambiri madzi amayenda pang'onopang'ono ndipo amabwerera m'misanjiko.

Mazenera ndi tsinde la khoma

Nzeru yomweyi imagwiranso ntchito pamakoma. Tsinde la zenera liyenera kupendekera kunja ndi kutulukira pang'ono, ndipo kunsi kwake kukhale kamzere kogoba kamene kamadula madzi kuti adonthere pansi asadafike pakhoma. Patsinde pa nyumba, pepala lapulasitiki lokhuthala limene limayalidwa pakati pa maziko ndi khoma limaletsa chinyontho cha m'nthaka kukwera m'njerwa. Pepalali likakwiriridwa ndi dothi la maluwa kapena konkire ya pakhonde, ntchito yake imatha.

Chifukwa chake simenti payokha sithandiza

Njira imene yafala m'dziko muno ndi yomata simenti pamalire a khoma ndi malata. Poyamba pamaoneka bwino, koma sipatenga nthawi ming'alu isadaoneke.

Chifukwa chake ndi chakuti chitsulo chimafutukuka chikatentha ndi kubwerera chikazizira. Lata lotalika mamita 10 limasintha kutalika kwake ndi mamilimita pafupifupi 5 pamene kutentha kwasintha ndi madigiri 40, ndipo kusiyana kotereku kumachitika pakati pa masana ndi usiku m'mwezi wa Okutobala. Phokoso limene limamveka padenga dzuwa likamalowa limachokera pamenepa. Simenti siitha kutsatira kuyenda kumeneku, choncho imalekana ndi lata n'kusiya mpata umene umalandira madzi onse otsika pakhoma.

Phula, tepi yomatira ndi silikoni zili ndi malo ake monga zothandizira, kapena zotsekera mwadzidzidzi mvula ili mkati. Koma dzuwa limaziumitsa ndipo m'kupita kwa nthawi zimasweka. Sizingalowe m'malo mwa chitsulo chopindidwa ndi kusanjikizidwa moyenera.

Zitsulo zimene zimagwiritsidwa ntchito

Malata a mizere adayambira ku London, komwe Henry Robinson Palmer adalembetsa luso lowapanga m'chaka cha 1829. Patapita zaka zochepa, Stanislas Sorel wa ku France adalembetsa njira yoviika chitsulo mu zinki wosungunula kuti chisachite dzimbiri. Kuyambira m'chaka cha 1972 pamsika padafikanso chitsulo chokutidwa ndi aluminiyamu wosakaniza ndi zinki, chimene kampani ya Bethlehem Steel ya ku America idatulukira. Zitsulo ziwirizi ndi zimene flashing yambiri ya m'chigawo chino cha Africa imapangidwira. Ku Ulaya nyumba zakale zimagwiritsa ntchito mtovu ndi kopa.

Mfundo yofunika ndi yakuti flashing ikhale ya chitsulo chofanana ndi cha malata. Zitsulo zosiyana zikagundana pamalo onyowa, chimodzi chimadya chinzake. Kopa ndi mtovu zimawononga malata okutidwa ndi aluminiyamu ndi zinki, ndipo ngakhale madzi odontha kuchokera m'paipi ya kopa ya giza amatha kuboola lata. Simenti yaiwisi nayonso imadya chitsulo cha mtunduwu, kotero mbali yolowa m'khoma iyenera kupakidwa utoto woiteteza.

Pankhani ya makulidwe, nambala ya geji ikamakwera chitsulo chimapyapyala: geji 28 ndi yokhuthala kuposa geji 30 kapena 32. Flashing isakhale yopyapyala kuposa malata amene ikuteteza, makamaka ya m'chigwa, chifukwa kuisintha kumafuna kuzula malata a mbali zonse ziwiri. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, ndilo limaona za miyezo ya katundu wogulitsidwa m'dziko muno, ndipo ogula zipangizo za boma ayenera kulemba makulidwe enieni m'mamilimita pofuna kupewa chinyengo.

Misomali kapena masikuluwu amakhomedwa pamsana pa lata, osati m'ngalande yake, ndipo akhale ndi mawashala a labala.

Zimene zimawonongeka flashing ikalephera

Madzi olowera pamalire sadontha nthawi yomweyo. Amayamba anyowetsa mitengo ya denga, imene imawola ndi kuitana chiswe. Siling'i imachita mabanga, imalendewera, kenaka imagwa. Pulasitala amafufuma, utoto umasupuka, ndipo madzi akafika pa nthambo za magetsi pamakhala chiopsezo cha ngozi ya moto.

Makoma a zidina kapena a njerwa zomangira dothi ndi amene ali pangozi yaikulu, chifukwa akanyowa kuchokera pamwamba amafewa ndipo akhoza kugwa. Mabanja ambiri a kumidzi adafolera nyumba zawo ndi malata m'zaka zapitazi, ena kudzera m'ndondomeko ya boma ya malata ndi simenti zotsika mtengo imene idayamba m'chaka cha 2014. Phindu la malata otere limaoneka pokhapokha pamsana ndi m'malire mwa denga mwatsekedwa bwino.

Palinso nkhani ya umoyo. M'chaka cha 2009 bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization lidatulutsa malangizo okhudza chinyontho ndi nkhungu za m'nyumba, amene adasonyeza kuti anthu okhala m'nyumba zonyowa amavutika kwambiri ndi chifuwa ndi mphumu. M'chipatala kapena m'chipinda chogona ana a sukulu, khoma lonyowa si nkhani ya maonekedwe chabe.

Mphepo yamkuntho nayo imayambira m'mphepete. Riji kapena chitsulo cha m'mbali mwa denga chikakhala cholendewera, mphepo imalowa kunsi kwake n'kuyamba kutukula malata limodzilimodzi. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 adaononga nyumba, sukulu ndi zipatala zambiri m'chigawo cha kummwera. Flashing siingaletse madzi osefukira, koma denga lomangika bwino m'mphepete limapirira mphepo kuposa lolekerera.

Udindo wa oyang'anira ntchito za boma

Poyerekeza ndi mtengo wa nyumba yonse, flashing imadya ndalama zochepa kwambiri, ndipo mwina n'chifukwa chake imaiwalika. Pali magawo anayi pamene akuluakulu a m'maunduna ndi m'makhonsolo angapewere vutoli.

Gawo loyamba ndi pa mapulani ndi mndandanda wa zipangizo. Flashing ilembedwe payokha, ndi kutalika kwake, kutambalala kwake, makulidwe ndi mtundu wa chitsulo. Chimene sichidalembedwe, kontrakitala sakakamizidwa kuchiika.

Gawo lachiwiri ndi pa nthawi yomanga. Flashing yambiri imabisika ntchito ikatha, choncho woyang'anira ayenera kukwera padenga siling'i isadakhomedwe ndiponso makoma asadapakidwe pulasitala. Kuyendera nyumba uli pansi sikuonetsa chilichonse cha zimenezi.

Gawo lachitatu ndi pa nthawi yolandira nyumba. Migwirizano ya zomangamanga imakhala ndi nyengo, kawirikawiri ya miyezi 6 kapena 12, imene kontrakitala amayenera kukonza zolakwika ndi ndalama zake, ndipo gawo lina la malipiro ake limasungidwa kufikira nyengoyo itatha. Nyumba yoperekedwa mu Meyi pamgwirizano wa miyezi 6 ikhoza kutuluka m'nyengoyi isadaone mvula yeniyeni. Pamenepa n'kofunika kuyesa denga pothira madzi ndi paipi, kapena kuika nyengo yodutsa dzinja lathunthu.

Gawo lachinayi ndi kusankha amisiri. Kupinda ndi kudula chitsulo ndi luso lophunzira, ndipo bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno. Ntchito ya pamalire imakhudza womanga njerwa, kalipentala ndi wa mapaipi, kotero pamafunika munthu mmodzi woonetsetsa kuti aliyense wachita mbali yake pa nthawi yake.

Kuyendera denga ndi kupeza podontha

Denga liyenera kuyenderedwa kawiri pachaka: mvula ikangotha, mabanga akadaoneka, ndiponso mu Seputembala kapena Okutobala mvula isadayambe. Kuyambira m'chaka cha 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, zomwe zikupereka mwayi woti zowonongeka zilembedwe kumathero a dzinja ndi kukonzedwa m'chilimwe.

Woyendera ayang'ane dzimbiri m'zigwa, masamba ndi zisa za mbalame m'ngalande, misomali yozuka, mawashala ouma, ming'alu pamene chitsulo chalowa m'khoma, ndi mariji otukuka. Nthambi za mitengo zogwera padenga zidulidwe. Poyenda padenga apondetse phazi pamzere wa misomali, pomwe pali mtengo kunsi, ndipo asakwere malata ali onyowa.

Pofufuza podontha, dziwani kwa amisiri n'kwakuti banga la pasiling'i silikhala pansi penipeni pa bowo. Madzi amatha kuyenda pamtengo wa denga mamita angapo asadagwe. Choncho kufufuza kumayambira pabangapo kukwera chamtunda, kufikira pakhoma, paipi, chigwa kapena chumuni choyandikira. Njira yodalirika ndi ya anthu awiri: wina amathira madzi padenga kuyambira m'munsi kukwera pang'onopang'ono, mnzake ali m'siling'i ndi tochi kuyang'ana pamene madzi ayambe kuonekera.

Pamalo pakapezeka, chitsulo chodzimbirira chichotsedwe n'kuikapo chatsopano, ndipo ntchitoyo ilembedwe m'kaundula wa nyumbayo pamodzi ndi tsiku ndi malo ake, kuti woyendera wa chaka chotsatira adziwe poyambira.